Kandege kalowa m'kalasi mwanga

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera ku Lilongwe, ndipo ahedi anandipatsanso udindo wa uphungu kwa ophunzira. Sabata yathayi udindo wachiwiriwu ndiwo unandidyera nthawi.

Lolemba kunabwera mayi ena ogulitsa kaunjika, ali ndi mwana wawo wa Fomu 4. Ndalama za mayeso a MSCE anamupatsa kalekale, koma dzina lake silinali pa mndandanda wa olipira. Mnyamatayo anangoti zyoli. Ndinapempha mayiwo kuti atidikire panja, ndipo m'pamene anatsegula pakamwa. "Madamu, ndimafuna ndingozichulukitsa pang'ono, ndilipire mayeso, zotsalazo ndigule nsapato. Kandege kanandidya."

Kandege ndi juga ya pafoni ija yotchedwa Aviator. Ukaika ndalama, ndege imanyamuka, nambala n'kumakwera: 1.2, 1.5, 2. Ukadina isanathawe, ndalama yako imachulukitsidwa ndi nambalayo. Ukachedwa, zapita zonse. Ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, wina n'kuyambika pomwepo. Wobetcha mpira amadikira mphindi 90, mtima n'kutsikako; apa palibe mpata woti mwana aganize. Kwa mnyamatayu, zoyamba kudyedwa zinali zochepa. Zina zonse zinapita pofuna kubweza zoyambazo, usiku, ali m'bulangete, mayi ake akuganiza kuti wagona.

Ali ndi zaka 17. Lamulo limaletsa juga kwa wosakwana zaka 18, ndipo boma lili ndi bungwe la MAGLA, lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2022, loyang'anira zimenezi. Koma akaunti anatsegulira m'dzina la msuweni wake, simu khadi ya msuweni yemweyo. Foni siona nkhope.

Lachitatu ndinali ndi phunziro la probability, masamu owerengera mwayi woti chinthu chichitike, ku Fomu 4, ndiye ndinasiya zitsanzo za m'buku n'kulemba Aviator pabolodi. Kalasi yonse inadzuka, ngakhale a kumbuyo aja. Kampani yomwe inapanga masewerawa imanena yokha kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera. Wina anakweza mkono. "Ndiye K3 yokhayo, Madamu? Si nkhani imeneyo!" Ndinawauza atenge makakyuleta, ayambe ndi K1,000, azichulukitsa ndi 0.97 ulendo uliwonse, ngati munthu wobwezera zonse zomwe wapeza. Pofika ulendo wa 50 panatsala pafupifupi K218. Wa 100, K48. Imeneyo ndi avareji. Ambiri zimawathera kale asanafike kumeneko. Mtsikana wina anafunsa za mapulogalamu amene amagulitsidwa pa WhatsApp, oti amalosera pomwe ndege ithawire. Ndinamufunsa kuti munthu wodziwadi zimenezo angavutikirenji kugulitsa chinsinsi chake kwa ana asukulu.

Panalinso wa Fomu 2 amene amasinza piriyodi yoyamba pafupifupi tsiku lililonse. Iyeyu sabetcha, amachezera masewera a pafoni otchedwa Free Fire. Masewera a pafoni sindidana nawo, ndipo ana ambiri amasewera n'kusiya popanda vuto. Bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, linaika vuto lokomedwa ndi masewera otere m'ndandanda wake wa matenda womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma limanena za munthu amene walephera kudziletsa mpaka sukulu ndi moyo wa pakhomo zasokonekera, kawirikawiri kwa miyezi 12. Mwanayu sanafike pamenepo. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti ndalama ya chiwaya amagulira madayamondi a m'masewerawo, n'kumazunguza gudumu kuti mwina apata chovala chosowa. Kulipira usakudziwa chomwe upeze, n'kulipiranso poti ulendo uno mwina zitheka: mtima wake ukuphunzira kale zomwe kandege kadzafune kwa iye. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi amwayi ogula ndi ndalama a m'masewera ena ndi juga.

Lachisanu komiti ya mwambo inakumana pa nkhani ya wa Fomu 4 uja. Aphunzitsi anzanga ena ankafuna ayambe waimitsidwa kuti ena atengerepo phunziro. Ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Mwanayu anali atandiuza kuti sakugona, sakudya bwino, ndipo nthawi zina amaganiza zoti kuli bwino kungochoka padziko. Mwana wotere sungamutumize kukakhala yekha kunyumba ndi foni tsiku lonse, mayi ake ali kumsika.

Tinagwirizana kuti apitirize sukulu. Mayi ake akongola ku banki m'khonde kuti alipire mayeso, ndipo iye azikawathandiza pa benchi Loweruka mpaka ngongoleyo ithe. Simu khadi ija yabwezedwa kwa mwini wake, msuweniyo tamuitanitsa. Ndalembanso kalata yoti mayi apite naye ku chipatala cha St John of God akaonane ndi aphungu odziwa bwino za maganizo, chifukwa mawu ananena aja aposa zimene ine ndinaphunzira.