Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kunsi kwa sitima ya Ross Revenge

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinali nditatha zaka zitatu ndikusamalira okalamba ku Colchester, ku England. Ntchitoyo ndinkaikonda, koma usiku ndikayang'ana manja anga, mtima unkandiwawa. Manja amene anaphunzira umakaniko ku Monkey Bay anali ataiwala kulemera kwa sipanala.

Amene anandiuza za sitima ya Ross Revenge ndi agogo ena aamuna omwe ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse. Kawailesi kawo sikankachoka pa 648, pa Radio Caroline. Tsiku lina ndikuwapukuta kumsana anandifotokozera kuti wailesiyi inayamba mu 1964 ikuulutsa mawu kuchokera m'sitima pakati pa nyanja, kunja kwa malire a Britain, chifukwa nthawi imeneyo BBC sinkaimba kwenikweni nyimbo za achinyamata. Mu 1967 boma linakhazikitsa lamulo loletsa nzika zake kuthandiza mawailesi otere, koma Caroline inakakamira. Atamva kuti ndinagwirapo ntchito m'sitima za pa Nyanja ya Malawi, anandigwira dzanja. "Mwana wanga, pita ukaione. Ili pafupi pompa, pamtsinje wa Blackwater."

Ndinakwera boti ku West Mersea Loweruka lina kukuzizira kwambiri. Ross Revenge inapangidwa mu 1960 ku Bremerhaven, ku Germany, kuti izipha nsomba m'nyanja zolusa za ku Iceland, kenako inakakhala ku Grimsby. Inasanduka sitima youlutsira mawu ya Radio Caroline mu 1983, itanyamula mlongoti wotalika mapazi 300, womwe unagwa mu November 1987. Mu 1991 mphepo inaikankhira pamchenga wa Goodwin Sands, malo amene anameza sitima zambiri, koma iyo inapulumuka n'kukokeredwa ku Dover. Alendo anzanga ankathamangira kukaona chipinda choulutsira mawu ndi malekodi. Ine ndinapempha kutsikira kunsi.

Abale anga, fungo lija! Dizilo, oyilo wakale ndi chinyontho. Ndinaima pamakwerero misozi ili chapafupi, chifukwa ndi fungo lomwelo la kunsi kwa Ilala. Kutsogolo kwanga kunali chiinjini cha Werkspoor cha masilinda 10, chitangoti zii. Mwezi wotsatira ndinabwereranso nditavala ovololo, ndipo anthu odzipereka amene amakonza sitimayi anandilandira bwino.

Anandipatsa pampu yochotsera madzi olowa pansi pa sitima. Inali itagwirana moti shafiti sinkatembenuka ngakhale pang'ono. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kusiyana kwa madzi athu ndi madzi amchere. Kwathu dzimbiri limadya chitsulo pang'onopang'ono. Kuno limalowa m'mizere ya bawuti n'kuimata ndi nati ngati zinabadwira limodzi. Bawuti yoyamba ndinaikakamiza, inaduka mutu. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakumbukira mphunzitsi wanga wa ku Monkey Bay amene ankandimenya pachala ndikathamangira kukoka sipanala ndi mphamvu.

Zotsalazo ndinazinyengerera. Ndinazithira dizilo wosakaniza ndi oyilo n'kuzisiya sabata ziwiri. Nditabwerera ndinatenthetsa nati iliyonse ndi moto wa gasi, kugogoda m'mbali ndi kanyundo, kumangitsa pang'ono kaye kenako n'kumasula. Imati ikalira kuti kwee, ndimadziwa kuti yavomera. Yoduka ija ndinaiboola pakati n'kuichotsa zidutswazidutswa, ntchito ya masana onse. M'kati mwa pampumo ndinapezamo matope, mchere wouma ndi tizigoba ta nkhono.

Gasiketi yake, pepala lolimba loikidwa polumikizana zitsulo kuti madzi asadonthe, sungaipeze m'sitolo, ndiye ndinaidula ndekha. Umayala pepala la gasiketi pamwamba pa chitsulo, n'kumagogoda m'mphepete ndi mutu wobulungira wa nyundo mpaka chitsulocho chitadula pepalalo chokha, mabowo a mabawuti omwe. Mdala wina wachizungu amene tinkagwira naye ntchito anasiya zomwe ankachita n'kumayang'ana. Anati bambo ake ankadula chonchi padoko la Grimsby, ndipo anandifunsa amene anandiphunzitsa. Tinacheza za Ilala mpaka tiyi kuzizira, makamaka nditamuuza kuti inapangidwa ku Scotland n'kubwera kwathu m'zidutswa kudzalumikizidwa ku Monkey Bay.

Ulendo wachinayi pampu ija tinaibwezera pamalo pake. Ndinathira madzi m'pampumo kuti ichotse mpweya, mnzanga anayatsa magetsi. Inatsokomola kawiri, payipi inanjenjemera m'dzanja langa, kenako wina kumwamba anakuwa kuti madzi akutuluka m'mbali mwa sitima.

Lolemba m'mawa ndinalowa m'chipinda cha agogo aja ndi beseni. Ndinali nditatsuka manja ndi sopo kangapo, koma oyilo wakuda anali akadali m'zikhadabo. Anatenga dzanja langa n'kulinunkhiza, kenako anakweza kawailesi kawo kaja.