Tsamba la kumaiko ozizira mu mphika wa ku Ngabu

Achemwali anga atabwera kutchuthi kuchokera ku Germany, anatitsitsira kuno ku Ngabu kabotolo ka masamba ouma ndi kathumba ka njere zofiirira zooneka ngati mankhusu a mpunga. Nditatsegula kabotoloko, m'nyumba monse munamveka fungo la msuzi wa nyama umene wawira kwa nthawi yaitali, chonsecho pamoto panalibe mphika. Amayi ananunkhiza kawiri, kenaka anafunsa kuti, "Mwanawe, kodi kwanuko afika pobzala msuzi m'munda?" Tonse tinaseka, koma amayi sanaphonye kwenikweni, chifukwa Ajeremani amatcha chomerachi Maggikraut, kutanthauza therere la Maggi, poti fungo lake limafanana ndi la zokometsera ndiwo za dzina limenelo, ngakhale kuti m'zokometserazo mulibe tsamba limeneli.

Pa Chingerezi chomerachi ndi lovage, ndipo akatswiri a zomera amati Levisticum officinale. Ndi cha banja limodzi ndi kaloti, celery ndi parsley, koma chimawaposa onsewa msinkhu, pakuti pa nthaka yabwino chimatalika kufika mamita awiri. Tsinde lake ndi lamphako ngati phesi la tsamba la papaya, ndipo maluwa ake achikasu amatuluka mothothana ngati ambulera. Kwawo kwenikweni ndi cha ku Iran ndi Afghanistan, koma chinakhazikika ku Ulaya kalekale. Aroma akale ankachithira m'zakudya zambiri, ndipo dzina lake linachokera ku Liguria, dera la m'mbali mwa nyanja ku Italy kumene chinkalimidwa kwambiri. Cha m'ma 800, lamulo la mfumu Charlemagne linachiika pa mndandanda wa mbewu zoyenera kubzalidwa m'minda yachifumu. Mpaka lero anthu a ku Romania, amene amachitcha leuștean, saona ngati msuzi wawo wowawasa wa ciorbă wapsa ngati mulibe tsamba limeneli.

Kukhitchini ndinayamba ndi kulakwitsa. Tsiku loyamba ndinathira supuni yaikulu yodzaza mu mphika wa nyama ya mbuzi, monga mmene timachitira ndi tomato kapena anyezi, ndipo ndiwo zonse zinangomveka kuwawa ndi fungo la mankhwala, moti ana anadya nsima ndi msuzi wa dzulo lake. Lovage ndi wamphamvu kuposa celery kutalitali, choncho pa mphika wa banja la anthu asanu ndi mmodzi kutsina kawiri ndi zala zitatu n'kokwanira. Nditaphunzira muyeso umenewu, nyama ya mbuzi inasintha: fungo lija la tonde limene ena amadana nalo linabisika, ndipo msuzi unamveka wokhathamira ngati munaphikidwa mafupa ambiri. Pa mlamba wowamba napo zinayenda bwino, makamaka ndikauthira tsambali chakumapeto, tomato atapsa kale. Mu nyemba, khobwe ndi nandolo ndi mmene ndinalikondera kwambiri, poti ndiwo zimenezi zimafuna kanthu kozidzutsa. Koma mu nkhwani wotendera ndinayesa kamodzi kokha ndipo sindidzabwerezanso, chifukwa fungo lake limalimbana ndi nsinjiro mpaka onse awiri kugonja.

Kumene chimalimidwa, palibe chimene amataya. Masamba aawisi amawaduladula mu mbatata yophika ndi m'mazira, mapesi anthete amawaphika ngati ndiwo, njere amazithira mu buledi ndi mu atchara, ndipo muzu amaupala n'kuuphika kapena kuuyanika kuti ukhale mankhwala.

Phindu limene ndaliona ndi maso anga ndi la mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi wosakwana bwino kasupuni ka tiyi, koma ambirife timathira mchere mu mphika, n'kuwonjezera timibulu tokometsera ndiwo timene nato tili ndi mchere wambiri, kenaka wina n'kuitanitsanso mchere pa mphasa. Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa nthawi yaitali ankadandaula kuti ndiwo za mchere wochepa n'zozizira ngati madzi a m'mtsuko. Chiyambireni kuthira lovage ndinasiya timibulu tija, mchere ndinauchepetsa, ndipo dandaulo lija linatha lokha. Sindikunena kuti tsambali limachiza nthendayo ayi, mankhwala a kuchipatala amamwabe tsiku lililonse. Chimene limachita ndi kunyengerera lilime kuti lisaumirire mchere.

Mbiri yake ya mankhwala yagona pa muzu. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya akhala akumwa madzi a muzu wa lovage pofuna kuchulukitsa mkodzo, ndipo komiti ya boma la Germany yotchedwa Commission E inavomereza kuti muzuwu ungagwiritsidwe ntchito potsuka njira ya mkodzo ikatupa ndiponso popewa timiyala ta mu impso, malinga munthu akumwa madzi ambiri. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency nalo limauzindikira, koma pa maziko akuti wakhala ukugwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali, zimene n'zosiyana ndi mankhwala oyesedwa pa odwala ambirimbiri. Amaumwanso pofuna kuchotsa mpweya m'mimba munthu akadzimbidwa. Masamba ake ali ndi vitamini C komanso mchere wa m'zomera wotchedwa quercetin wambiri, koma pano tisanamizane: chinthu chimene umadya motsina ndi zala sichingapikisane ndi mbale yodzaza ya bonongwe, luni kapena sangowa, amene kuno amamera kuseri kwa nyumba popanda womuthirira.

Chimene chinandichititsa kuganiza mozama n'chakuti malangizo onsewa analembedwa ndi anthu a kumalo ozizira. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mlimi amene walima kuyambira mbandakucha amakhala atataya kale madzi ambiri m'thukuta. Kumupatsa munthu wotere chakumwa chochulukitsa mkodzo ndi kumukama kawiri. Chinanso, lovage ali ndi timichere totchedwa furanocoumarin timene timachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa ngati munthu wamwa wambiri kapena utomoni wake wamukhudza, ndipo dzuwa la m'chigwa muno silifuna womuthandiza. Msodzi wa ku Elephant Marsh, wodula nzimbe ku Nchalo, makamakanso abale athu achialubino, ayenera kuzidziwa zimenezi asanatengeke ndi mbiri ya tsambali. Amayi oyembekezera saloledwa kumwa muzuwu ngati mankhwala, chimodzimodzinso odwala impso ndi amene miyendo yawo imatupa chifukwa cha mtima kapena impso.

Nkhani ya mkodzo ndiye imandidetsa nkhawa koposa. M'mbali mwa Shire ndi m'madambo mwake likodzo ndi lofala, ndipo mwana akayamba kumva kuwawa pokodza kapena kuona magazi kumapeto kwa mkodzo, chimene chikumudya ndi tinyongolotsi tochokera ku nkhono za m'madzi. Tinyongolotsi timeneti sitikokoloka ndi tiyi wa muzu wina uliwonse. Timafa ndi mankhwala a praziquantel amene amaperekedwa kuchipatala ndi m'masukulu. Mnansi wina atamva kuti kabotolo kathu "kamatsuka chikhodzodzo", anabwera m'mamawa kudzapempha kuti akamwetse mdzukulu wake. Ndinamuuza kuti, "Agogo, ichi n'chokometsera ndiwo basi, mwanayo tiyeni timuperekeze akayezedwe mkodzo." Anachoka mokhumudwa pang'ono, koma anapita naye.

Njere zija ndinazifesa m'dimba kumapeto kwa Meyi, nthawi imene kuno kumazizirako, pamalo a chinyontho pafupi ndi nthochi kuti zipeze mthunzi. Zambiri sizinamere, poti njere za lovage zimafa msanga zikakhalitsa, koma zisanu zinatuluka ndipo pofika Ogasiti zinali zitafika m'mawondo. Apa m'pamene ndinalawa tsamba laliwisi koyamba, ndipo ndinazindikira kuti louma lija linali chithunzithunzi chabe, chifukwa laliwisi lili ndi kafungo ka ndimu kamene kamathawa poyanika. Chisangalalocho sichinakhalitse. Chomerachi chinazolowera kuuma masamba m'nyengo ya chisanu, muzu n'kugona pansi mpaka kuphukanso chaka chotsatira, ndipo chimatero kwa zaka zambiri. Kuno m'malo mwa chisanu chinakumana ndi Okutobala. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo, ndinachimangira kachisakasa ka udzu, koma masamba anayamba chikasu kuyambira pansi, ndipo zinayi zinauma sabata imodzi.

Chotsalacho ndinachizula ndi dothi lake lomwe, n'kuchiika m'chidebe chobooka, ndipo ndinakwera nacho minibasi kudutsa pa Thabwa mpaka kumtunda. Alamu anga a ku Bvumbwe, amene amalima ndiwo zamasamba zogulitsa ku Blantyre, anachilandira mokayika n'kuchibzala m'mphepete mwa bedi la kabichi. Sabata yatha anandiimbira foni kunena kuti chatulutsa masamba atatu atsopano, ndipo amafuna kudziwa ngati mbuzi zimadya chomerachi kapena achimangire mpanda.