Zimene ndikuphunzira popereka ndemanga pa zomanga za tinjerwa ta pulasitiki ku Kasungu

M'maphunziro anga a uphunzitsi muli gawo lokamba za kuyesa ophunzira ndi kuwapatsa ndemanga pa ntchito yawo, ndipo mabuku ambiri amalifotokoza ngati nkhani ya kope ndi cholembera chofiira basi. Kumene ndalimvetsa bwino gawo limeneli ndi pagulu lathu la omanga zinthu ndi tinjerwa ta pulasitiki tolumikizana, ta LEGO ndi tina tofanana nato, limene limakumana Loweruka masana m'holo ina ya tchalitchi kuno pa boma la Kasungu. M'gululi muli ana a pulayimale, achinyamata a sekondale ndi akuluakulu angapo, ndipo pakati pa akuluakuluwo pali mmisiri womanga nyumba ndi mayi wina wosoka zovala. Tinjerwa tathu ndi tosakanikirana, chifukwa tina tinagulidwa m'matumba a zidole pa kaunjika, pomwe tina tinabwera ndi abale ogwira ntchito ku Johannesburg. Popeza ndi tochepa, chilichonse chimene munthu wamanga chimaphwasulidwa dzuwa lisanalowe, choncho womangayo amabwerera kwawo ndi zinthu ziwiri zokha: chithunzi cha pafoni, ngati alipo womujambulira, ndi mawu amene anzake amuuza.

Mawu amene amatuluka msanga pakamwa pa munthu wolemekeza mnzake ndi akuti "chakongola kwambiri" kapena "mwachita bwino". Ndi mawu aulemu ndipo sindiwanyoza, koma vuto lake ndi lakuti mwana amene wamanga ngolo imene mawilo ake sakuzungulira ndi mnzake amene wamanga chigayo cholimba bwino amamva mawu ofanana, ndipo onse awiri sadziwa choti akonze Loweruka lotsatira. Akatswiri a zamaphunziro John Hattie ndi Helen Timperley, m'zimene analemba mu 2007, anagawa ndemanga m'magulu anayi: yokhudza ntchito yeniyeniyo, yokhudza njira imene munthu watsata poigwira, yothandiza munthu kudziyesa yekha, ndi yongoyamikira munthuyo. Iwo anaona kuti yomalizayi ndi imene imathandiza pang'ono kuposa zonse. Akatswiri ena awiri, Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, mu 1996, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa nkhaniyi, anapeza kuti m'gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a zimene anaunika, ndemanga inachititsa kuti anthu agwire ntchito moipa kuposa poyamba. Chiwerengero chimenechi chinandichotsa maganizo akuti kunena kanthu kumaposa kukhala chete nthawi zonse.

Kuti munthu anene chothandiza pa chomanga cha mnzake, ayenera kudziwa mmene tinjerwato timagwirirana. Kampani ya LEGO inayambitsidwa mu 1932 ndi kalipentala wotchedwa Ole Kirk Christiansen m'tauni ya Billund ku Denmark, ndipo poyamba inkapanga zidole zamatabwa. Kanjerwa kamene tikukadziwa leroka kanalembetsedwa kuboma pa 28 Januwale 1958 kuti makampani ena asakakopere, ndipo chachilendo chake chinali timapaipi ta kunsi kwake. Timibulu ta pamwamba pa kanjerwa kamodzi timapanikizika pakati pa timapaipi ndi makoma a kanjerwa kamene kaikidwa pamwamba, ndipo kupanikizika kumeneko ndiko kumagwira chomanga chonse. Choncho kanjerwa kamene kagwira mnzake ndi kam'bulu kamodzi kokha kamatha kutembenuka ndi kuchoka mosavuta, pamene kamene kakhala pa timibulu tinayi kapena kuposerapo kamalimba.

Mmisiri wa m'gulu lathu ndi amene amaona msanga vuto limene limagwetsa zomanga zambiri za oyamba kumene. Mnyamata wina wa Sitandade 7 anamanga chigafa cha fodya chonga zimene amaziona kwawo, ndipo anaikamo ngakhale timikangala topachikapo fodya, koma atangochinyamula kuti achionetse, mbali imodzi inang'ambika kuchokera padenga mpaka pansi. Bambo aja sananene kuti chigafacho ndi chofooka. Analoza ndi chala pamene panang'ambika nanena kuti, "Iwe mwana wanga, taona mizere iyi. Njerwa iliyonse waikhazika ndendende pamwamba pa inzake, ndiye polumikizira ponse pakuyang'anana. Pakhoma la nyumba njerwa ya pamwamba imakhala pa ziwiri za pansi." Mnyamatayo anaphwasula mbali imeneyo yokha n'kuimanganso mopingasa, ndipo atachinyamula kachiwiri sichinagwe. Ndemanga imeneyi inali ndi malo ake oti munthu angawakhudze ndi chala, inali ndi chifukwa, ndipo inasiya ntchito yokonza m'manja mwa mwini wake. Kuyambira pamenepo timayesa chomanga chilichonse pochinyamula, pochigwedeza pang'ono kapena pochisenzetsa kanthu, kuti kukambirana kuyambire pa chimene aliyense wachiona ndi maso ake.

Miyeso ya tinjerwati nayo imathandiza kuti ndemanga isakhale yongoganizira. Kuchokera pakati pa kam'bulu kamodzi kufika pakati pa kanzake pali mamilimita 8, msinkhu wa kanjerwa wamba ndi mamilimita 9.6 tikapanda kuwerengera kam'bulu, ndipo tinjerwa topyapyala titatu tikasanjikizana timafanana msinkhu ndi kanjerwa wamba kamodzi. Apa pakutuluka mfundo imene omanga odziwa amaigwiritsa ntchito kwambiri, yakuti tinjerwa topyapyala 5 tosanjikizana timafanana ndi m'lifupi mwa timibulu 2, chifukwa zonse ziwiri ndi mamilimita 16. Mtsikana wina wa Fomu 2 anafuna kumanga njovu, pokumbukira njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kunkhalango yathu ya Kasungu mu 2022, ndipo anagoneka tinjerwa tina cham'mbali kuti makutu atambasuke. Panatsala kampata pakati pa khutu ndi mutu kamene kankamukwiyitsa. Kumuuza kuti khutulo silinakhale bwino kukanakhala kumubwerezera chimene ankachiona kale, koma mnzake atamufunsa kuti waika tinjerwa topyapyala tingati pamenepo, anawerenga napeza tinayi, ndipo kuwonjezera kamodzi kunatseka mpatawo.

Komabe kulimba ndi miyeso ndi mbali yosavuta ya ntchitoyi, chifukwa pamenepo chomangacho chimadziyankhira chokha. Povuta ndi pamene wopereka ndemanga akuyesa chomanga cha mnzake ndi chithunzi chimene chili m'mutu mwake. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengera kuti tinjerwa 6 ta mtundu umodzi, tokhala ndi timibulu 2 m'lifupi ndi 4 m'litali, tikhoza kulumikizidwa m'njira 915,103,765. Ngati tinjerwa tochepa chotere tili ndi njira zochuluka choncho, palibe amene anganene kuti pali kamangidwe kamodzi kokha kolondola ka nkhokwe kapena ka mlatho. Mwana wina wamng'ono anamanga nkhokwe yokhala ndi timipata m'makoma, ndipo wachinyamata wina anafulumira kunena kuti tinjerwa tamuthera. Mwanayo anayankha kuti anasiya dala timipatato, chifukwa nkhokwe ya agogo ake ndi yolukidwa ndipo mphepo imadutsamo kuti chimanga chiume. Amene anaoneka wosadziwa nkhokwe anali wodzudzulayo. N'chifukwa chake tsopano womanga ndiye amayamba kulankhula, kufotokoza chimene amafuna kupanga ndi pamene pamuvuta, ndipo enafe timayankha pambuyo pake. Hattie ndi Timperley amati ndemanga yabwino imayankha mafunso atatu, lakuti munthu akupita kuti, lakuti wafika pati, ndi lakuti achite chiyani tsopano, ndipo ndaona kuti funso loyambalo silingayankhidwe ndi wina aliyense koma mwini chomanga.

Lamulo limene limavuta akuluakulu kuposa ana ndi loletsa kugwira chomanga cha mnzako popanda chilolezo chake. Munthu wamkulu akaona pamene palakwika, manja amamuyabwa, ndipo asanamalize kufotokoza amakhala atachotsa kale denga n'kuyamba kumanga yekha. Chomangacho chimakhaladi chabwino kuposa poyamba, koma sichikhalanso cha mwanayo, ndipo kawirikawiri mwanayo amangochisiya patebulo osafuna n'komwe kuti achijambule. Wofuna kusonyeza njira ina timamupempha kuti atenge tinjerwa tina pambali, amange kachitsanzo kakang'ono, ndipo mwini wake asankhe yekha ngati akufuna kutengerapo.

Nkhani ya ulemu ndi imene ndaiganizira kwambiri, chifukwa mabuku amene ndikuwerenga analembedwa m'maiko amene mwana kutsutsa wamkulu si chinthu chachilendo. Kwathu kuno mwana wa zaka 10 sangaime pamaso pa bambo wa msinkhu wa atate ake n'kunena kuti galimoto yawo yapendekeka, ngakhale akuona bwino lomwe kuti wilo limodzi lili m'mwamba. Timaleredwa ndi mawu akuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo palibe mwambi umene ndinakula nawo wolimbikitsa akulu kusunga mawu a ana. Koma pa tinjerwati ana ambiri ndi amene amadziwa kuposa akuluakulu, chifukwa amatigwira nthawi yaitali ndipo saopa kuphwasula. Sitinafune kuwaphunzitsa mwano m'dzina la kulimba mtima, choncho tinagwirizana kuti ndemanga izibwera ngati funso. Mwana angathe kunena mwaulemu wonse kuti, "Amayi, kodi pamenepa mumafuna kuti chitseko chizitseguka, kapena chingokhala chotseka?" Funso lotere limaloza vuto popanda kuchotsera wamkulu ulemu wake, ndipo mayi wosoka zovala uja atafunsidwa choncho anaseka nayankha kuti, "Wanditsegula maso, mwanawe, tandionetsa kahinje kaja." Nthawi zina timaikanso zomanga patebulo popanda kunena eni ake, ndipo pamenepo ana amamasuka kwambiri, ngakhale kuti m'gulu laling'ono ngati lathu aliyense amazindikira msanga kamangidwe ka mnzake.

Pali vuto lina limene limachokera ku kaunjika. Chilolezo chimene chinkateteza kanjerwa ka 1958 chinatha kalekale, ndipo makampani ambiri amapanga tinjerwa tolumikizana ndi ta LEGO, tina tabwino ndithu, tina tolobodoka. Ta LEGO timadziwika chifukwa dzinalo limalembedwa pa kam'bulu kalikonse. Tinanso timafika titatha kale, totafunidwa ndi ana kapena topindika ndi kutentha. Khoma likagwa, wopereka ndemanga ayenera kuyamba waona ngati cholakwa ndi kamangidwe kapena kanjerwa, chifukwa kudzudzula mwana pa kanjerwa kolobodoka n'kumusenzetsa mlandu umene si wake.

Achinyamata amene ali ndi mafoni amabwera ndi zithunzi za zomanga za anthu akunja, ndipo ena amazikopera. Pakati pa okonda tinjerwa padziko lonse, chomanga chimene munthu wachiganiza yekha amachitcha MOC (chidule cha mawu a Chingerezi akuti My Own Creation), pofuna kuchisiyanitsa ndi chomangidwa potsata kabuku ka malangizo. Ife sitiletsa kukopera, popeza ndi njira imodzi yophunzirira, koma timapempha munthu kuti anene poyera chimene waona kwina ndi chimene wawonjezera yekha, kuti ndemanga igwere pa ntchito yake. Achinyamata omwewa amakonda kutchula LEGO Ideas, tsamba la pa intaneti la kampani ya LEGO, kumene chomanga chimafunika kuvomerezedwa ndi anthu 10,000 kuti kampaniyo ichiganizire ngati chingagulitsidwe, ndipo anapempha kuti nafenso tizivota posankha chomanga chopambana Loweruka lililonse. Ine ndinali mmodzi mwa okana. Voti imauza munthu kuchuluka kwa amene akondwera naye, koma simuuza pamene khoma lake lafooka, ndipo m'gulu la ana imathera posankha mnzawo wapamtima. Pano ku Kasungu tili ndi chitsanzo chapafupi cha William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene ali ndi zaka 14 anamanga makina opangira magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale, pamene anthu ambiri omuzungulira ankati wachita misala. Akanadikira voti ya pamudzi, makinawo sakanaima.

Chimene chikundivutabe ndi kutengera zonsezi m'kalasi ya pulayimale, mmene ana ndi ochuluka, nthawi ya phunziro ndi yochepa, ndipo tinjerwa ta pulasitiki mulibe. Pokonzekera nthawi yanga yokayeserera kuphunzitsa, ndalemba dongosolo la phunziro la zaluso mmene ana adzagwiritse ntchito dongo, mapesi ndi mawaya, zimene amapangira kale ng'ombe ndi magalimoto kunyumba. Adzakhala m'magulu ang'onoang'ono, womanga adzayamba kunena cholinga chake, anzake awiri adzafunsa funso limodzi aliyense akuloza malo enieni pa chomangacho, ndipo mphindi zomalizira za phunziro ndazisungira kukonza, chifukwa ndemanga imene yabwera belu litalira mwana sapeza mpata woiyesa. Ineyo ndidzayendera magulu ochepa okha pa phunziro lililonse, ndipo otsalawo ndidzayamba nawo tsiku lotsatira.