Zimene ndikuphunzira m'masutikesi a makasitomala

Pa ntchito ya utelala imene ndikuphunzira kuno ku Chitakale, makina si amene akundivuta. Kupalasa, kuika zipi, kudula kolala, zonsezo dzanja limazolowera lokha. Chimene chikundizunguza mutu ndi ntchito ina imene mayi amene amandiphunzitsa amagwira Loweruka masana akatseka shopu. Amapita kunyumba kwa kasitomala, n'kutulutsa zovala zake zonse, kenako n'kumuthandiza kuona zoti asunge, zoti zikonzedwe, zoti apatse ena, ndi zochepa zoti akagule. M'mizinda ikuluikulu alipo anthu amene amadyera ntchito yokhayi. Kwathu kuno imabwera ngati basela kwa munthu amene wakhala akusoketsa pamalo amodzi zaka zambiri, ndipo ine ndimatsagana nawo nditanyamula tepi, mapini ndi kope.

Ndinkayesa kuti nkhani yake ndi ya mitundu ya nsalu ndi masitayilo atsopano. Koma mayiwa akafika pakhomo sayambira pamenepo. Amayamba ndi kufunsa mmene sabata ya munthu imayendera. Kwa aphunzitsi ena a pulayimale amene tinawayendera posachedwapa, mafunso anali akuti: kuntchito mumayenda pansi kapena pa kabaza? Mumaima pa bolodi nthawi yaitali bwanji? Mumachapa liti, nanga mumayanika pati? Atamva mayankho m'pamene anati, "Madamu, tayalani mphasa, tulutsani zonse, ngakhale za pansi pa bedi."

Mulu umene unatuluka unali wochititsa kaso. Zitenje za maukwati a achibale, za kumpingo, za Mulhako wa Alhomwe zimene amagula akamapita ku Chonde mwezi wa Okutobala, zina zisanadulidwe n'komwe. Madiresi a zinkhoswe ovalidwa tsiku limodzi. Koma mabulauzi oti n'kupita nawo kusukulu Lolemba mpaka Lachisanu anali owerengeka, ndipo onse atasuluka m'khwapa. Munthu wa zovala zodzaza masutikesi awiri ankadandaula m'mawa uliwonse kuti alibe chovala, ndipo sankanama. Ndalama zake zinkathera pa masiku a chisangalalo, pamene masiku a ntchito, omwe ndi ochuluka, ankangowapatsa zotsala. Kuyambira tsikulo ndikuona zomwezi pafupifupi nyumba iliyonse imene timalowa, ngakhale m'chikwama changa chomwe.

Chovala chilichonse chimayesedwa pathupi. Kungochikweza m'mwamba n'kunena kuti "ichi chimandikwana" sikuloledwa. Ndipo kuyesa kwake si kungoima pagalasi. Aphunzitsi aja anauzidwa kuti akweze dzanja ngati akulemba pamwamba pa bolodi, akhale pampando, awerame ngati akuchonga kope la mwana, atukule mwendo ngati akukwera njinga yamoto. Bulauzi ina yokongola ya buluu inangosololoka m'siketi dzanja litangokwera. Siketi ina inali bwinobwino ali chiimire, atakhala pansi inathawira pamwamba pa mawondo.

"Imeneyitu ndimaikonda, amayi," anatero eni ake.

"Ndaona kuti mumaikonda. Nanga n'chifukwa chiyani ili ndi fungo la m'sutikesi?"

Tonse tinaseka. Ine ndinatembenuza siketiyo, n'kupeza kuti mpendero wake unali ndi nsalu yokwanira zala zinayi yopindira m'kati. Tinaiika pa mulu wa zokonza.

Pamenepa m'pamene ndagwira phunziro lalikulu: chovala chimaweruzidwa chitatembenuzidwa kunsi. Kuchepetsa chovala chokhwepa n'kosavuta. Kukulitsa chothina kumadalira nsalu imene wosoka woyamba anasiya m'misoko, ndipo zovala zambiri za m'fakitale zimasiyidwa pang'ono zedi. Utali wa siketi, wa thalauzi kapena wa manja timausintha mosavuta. Koma jekete ikalakwika m'mapewa, mayi anga a ntchito amangopukusa mutu, chifukwa kuikonza n'kuiphwasula yonse, ndipo mtengo wake ungapose wa jekete ina pa kaunjika. Diresi la chinkhoswe limene eni ake sangalivalenso timalidula m'chiuno, kumunsi kukhala siketi, kumtunda kukhala bulauzi yovalira siketi yakuda. Chitenje cha mamita 2 chimatulutsa siketi yowongoka ya munthu wa thupi lapakatikati, n'kutsalako kansalu ka m'khosi mwa bulauzi yoyera yomwe inayamba kutopetsa.

Za manambala a pa kaunjika ndiye ndasiya kuwakhulupirira. Belo limodzi limasakaniza zovala za maiko osiyanasiyana, ndipo diresi lolembedwa 12 ku Britain ndi lomwe ku France amalemba 40, ku America 8. Nzeru ija yozunguliza chiuno cha thalauzi m'khosi imathandiza pamsika, koma siiuza munthu za mahipi kapena za ntchafu. Tsopano kasitomala aliyense timamulembera miyezo yake pakapepala, chifuwa, chiuno, mahipi ndi utali, kuti akapita ku Limbe kapena ku Limbuli ayeze chovala ndi tepi asanatulutse ndalama.

Nsalu nazo ndikuzidziwa pang'onopang'ono. Kalembo ka m'khosi kakadulidwa, timazula kaulusi m'msoko n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Polyester imasungunuka n'kuuma kukhala kachibulu kolimba. Ubweya wa nkhosa umanunkha tsitsi lowauka. Kalembo kakakhalapo, kachithunzi ka simbi kamanena zonse: kadontho kamodzi ndi moto wochepa, pafupifupi madigiri 110, awiri 150, atatu 200. Vuto n'lakuti simbi ya makala ilibe potembenuza. Mabulauzi ambiri amene timawapeza atanyezimira kapena atabooka pamimba anapsa motero, pamene kuyala kansalu ka thonje konyowa pamwamba kukanawapulumutsa.

Koma mdani wamkulu wa zovala kuno ku Mulanje ndi chinyezi. Tili patsinde pa phiri, mvula imagwa yambiri, ndipo Juni ndi Julaye chiperoni chikagwira, chovala chimatha masiku pachingwe osauma. Munthu amachianula chikadali chozizira, n'kuchipinda, n'kuchitsekera m'sutikesi. Pakutha pa mwezi chatuluka madontho akuda a nkhungu amene sopo sachotsa. Nsapato zachikopa ndi malamba zimachita kuyera mbuu. Malangizo athu pamenepa ndi osafuna ndalama: wadilopu isagunde khoma, sutikesi ikhale pa thabwa osati pa simenti, zovala zisasungidwe m'majumbo, ndipo dzuwa likawala bwino zonse zituluke zipitidwe mphepo. Kusita nako si kwa kutchena kokha. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo simbi yotentha ndiyo imawapha, makamaka m'misoko ya zovala za ana.

M'nyumba ina tinapeza bokosi lakale la mkungudza, la agogo a eni nyumba. Titatsegula, fungo lake linadzaza chipinda, ndipo zovala zam'katimo njenjete sizinazikhudze. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma anthu anaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo panopa ndi wotetezedwa. Amene ali ndi bokosi lotere alisamale. Kasitomala wofuna latsopano timamuuza kuti aiwale, chifukwa thabwa lake silingakhale lopezeka mwachilungamo.

Pali lamulo lina limene ndimaliona kawirikawiri pa intaneti, lakuti chovala chimene sunachivale chaka chathunthu uchichotse. Kwa ife silikwanira. Yunifolomu ya Mvano, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, ili ndi malo ake ngakhale mayi atadwala chaka chonse osapita kumsonkhano. Chitenje chakuda bii kapena chosawala cha pamaliro sichichoka pafupi. Chilundu chimene munthu anasiyiridwa ndi malemu mayi ake sitimufunsa n'komwe kuti anachivala liti. Timangochichapa, kuchisita, n'kuchiika pachokha. Ndipo zimene zachotsedwa sizitayidwa. Pali achemwali, adzukulu, anansi, komanso mabanja amene namondwe wa Freddy anawasiya manja lende mu Malichi 2023, ena mpaka lero sanabwerere mwakale. Chokhacho chimene mayi anga a ntchito amakana ndi kupatsa munthu chovala chong'ambika. Amati tiyambe tachisoka.

Pali pomwe timasiyana maganizo. Iwo anakula nthawi ya lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo ngakhale linachotsedwa pamene dziko linkalowa ndale za zipani zambiri, mtima wawo sunalichotse. Akaona thalauzi pa mulu wa mzimayi amafulumira kuliika kumbali. Ine ndimaona kuti kwa munthu amene amakwera njinga yamoto tsiku ndi tsiku m'misewu ya m'minda ya tiyi, thalauzi la nsalu yolimba ndi bulauzi yotsika n'zaulemu kuposa siketi yomangoikoka njira yonse. Chitenje chikhale m'chikwama, akafika kwa apongozi kapena pamaliro amange. Tinakambirana zimenezi pobwerera, ndipo anangoti, "Mwanawe, kasitomala akakhala wako udzamuuze zimenezo." Pa nkhani ya nsalu za zipani ndiye timagwirizana: wogwira ntchito m'boma asasoketse chovala cha kuntchito pa nsalu yotero, ngakhale ikhale yolimba chotani.

Zogula zimabwera kumapeto, ndipo zimakhala zochepa modabwitsa. Aphunzitsi aja tinawalembera mabulauzi awiri a thonje opanda maluwa, siketi imodzi yakuda kapena ya buluu woderako yoti igwirizane ndi mabulauzi a zitenje amene tikuwasokera, juzi yabwino ya chiperoni, ndi mahang'ala. Chilichonse chatsopano chiyenera kugwirizana ndi zinthu zosachepera zitatu zimene ali nazo kale, apo ayi chisagulidwe. Mu wadilopu, za kuntchito tinazipachika kutsogolo pofikira dzanja, za kutchalitchi pambali pake, za maukwati m'sutikesi pamwamba.

Sabata ikubwerayi andipatsa kasitomala woyamba woti ndimuyendetse ndekha, bambo wina wogwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi. Mkazi wawo wabweretsa kale malaya asanu odyeka m'khosi, ndiye madzulo ano ndikuphunzira kumasula kolala, kuitembenuza kuti mbali yodyekayo ipite kunsi, n'kuibwezera popanda kukwinya.