Za hemangioma zandilowa tsopano, nkhani yonse ili pa miyezi

Anzanga amene tikukonzekera mayeso a za ana, lero mtima wakhala pansi. Mutu wa hemangioma, chotupa cha timitsempha ta magazi cha pa khungu la makanda, wandilowa.  Chomwe chinkandizunguza mutu chinali chimodzi basi: propranolol, mankhwala a BP amene amachizira hemangioma, akukatani pa khungu la khanda?

Nkhani ndi yoti hemangioma ndi chotupa. Chopanda khansa inde, koma ndi maselo a timitsempha ta magazi amene akuchulukana, ndiye chili ndi nthawi yake yokula ndi nthawi yake yofota. Mwana amabadwa khungu lili bwinobwino, kapena pali kadontho kosaoneka bwino, m'masabata oyambirira chimatulukira, n'kukula mothamanga pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 3, ndipo pofika miyezi 5 zambiri zimakhala zatsala pang'ono kumaliza kukula. Kenako chimaima, n'kumafota pang'onopang'ono kwa zaka. Port-wine stain, banga lofiirira la pakhungu, ndi ina: mitsempha inapangika molakwika mwana ali m'mimba, amabadwa nayo, imakula molingana ndi thupi lake, siifota, ndipo propranolol sagwirapo ntchito. Akatswiri Mulliken ndi Glowacki anasiyanitsa magulu awiriwa kale mu 1982. Ndiye funso loyamba kwa mayi ndi lakuti, amayi, mwanayu anabadwa nacho kapena chatuluka pambuyo pake? Ngakhale congenital hemangioma, ija mwana amabadwa nayo itakhwima kale, funso lomweli limaigwira, nayonso siyimva propranolol.

Ukagwira zimenezi zina zonse zimangotsatira. Propranolol amafinya timitsemphato, nchifukwa chake m'masiku oyambirira chotupa chimasintha mtundu n'kufewa. Kenako amachepetsa zinthu zolimbikitsa mitsempha yatsopano kumera monga VEGF, kukula kumaima. Pambuyo pake maselo aja amayamba kufa. Mankhwalawa amathandiza kwambiri chotupa chidakakula. Ukamuona mwana ali ndi chaka ndi theka, khungu linatamuka kale, mphuno kapena mlomo zinapindika kale, ndipo chotupa chingafote chilema chimatsala.

Ndipo anawatulukira mwangozi. Ku Bordeaux, dziko la France, Christine Léauté-Labrèze ndi anzake ankathandiza khanda lomwe linali ndi hemangioma pamphuno. Linkalandira steroid, monga zinalili nthawi imeneyo, mtima wake unayamba vuto, analipatsa propranolol chifukwa cha mtimawo, chotupa n'kuyamba kusintha. Analemba mu New England Journal of Medicine mu 2008. Kafukufuku wamkulu wa 2015 anapeza kuti pa mamiligiramu 3 pa kilo patsiku kwa miyezi 6, ana 60 pa 100 chotupa chinatheratu kapena kutsala pang'ono, pomwe mwa olandira placebo, wongofanana ndi mankhwala koma wopanda mphamvu, anali 4 okha pa 100.

Chomwe chandithandiza ine ndi mzere. Tengani pepala, jambulani mzere kuyambira tsiku lobadwa mpaka miyezi 12, pamwamba lembani kukula kwa chotupa, pansi lembani masiku a sikelo. Muona zomwe ndinaona. Katemera wa masabata 6, 10 ndi 14 akugwera ndendende pamene hemangioma ikuthamanga! Kutanthauza kuti mwana wa ku Muloza, wa ku Chitakale kapena wa mu esiteti ya tiyi amadutsa m'manja mwa HSA ndi nesi katatu nthawi yofunikayo isanathe. Ine ndikukhulupirira kuti palibe mutu wa za ana umene mzerewu sungauphwanye, ndayamba kale kuikapo jaundice ndi matenda a mtima obadwa nawo, ndipo amene mukuloweza manotsi mzere ndi mzere mukudzivutitsa, yesani zimenezi.

Si hemangioma iliyonse yofuna mankhwala, zambiri timangoyang'anira, ndipo kakang'ono ka pamwamba pa khungu ena amadonthezapo timolol, mankhwala aja a matenda a maso a glaucoma. Zoti usachedwe nazo ndi izi: cha pachikope, chifukwa diso likatsekeka pa msinkhu umenewu silidzaphunzira kuona bwino, cha pachibwano ndi pakhosi, malo a ndevu, chifukwa china chimatha kukhala m'njira ya mpweya, mwana n'kuyamba stridor, kupuma kwa phokoso pakhosi, cha pamlomo kapena m'thewera chomwe chimachita chilonda chopweteka. Zikakhala zisanu kapena kuposa, chiwindi chiunikidwe. Chachikulu chokuta mbali ya nkhope, ganizirani PHACE, vuto lomwe chotupa chotere chimabwera limodzi ndi zilema za m'kati, choncho mitsempha ya mu ubongo ndi mtima ziunikidwe kaye, mwana uyo ndi wa ku Queens ku Blantyre.

Chondipweteka nchakuti m'kalasi mutu wonsewu unadutsa pa slide imodzi, "strawberry naevus, reassure the mother", kutanthauza kuti ikakhala hemangioma ingomulimbitsani mtima mayi, basi tapita kwina. Ndikumvetsa, aphunzitsi ali ndi malungo, chibayo ndi kunyentchera zoti amalize, nthawi ndi yochepa, ndipo zimenezo ndi zomwe zikupha ana. Koma kuuza mayi kuti chitha chokha pamene chotupa chili pachikope cha mwana wa masabata 8 ndi kumulakwira mwanayo. Ndiye zithunzi za m'mabuku pafupifupi zonse ndi za ana achizungu, chotupa chili psuu. Pa khungu lakuda mtundu sukuwa chomwecho, ndipo cha pansi pa khungu chimangooneka ngati kutupa kodera. Palibe anatiuza, ndipo ku wodi madzulo munthu umafika utatopa kale, zowerenga wekha zimafuna mphamvu zomwe ulibe.

Pomwe ndaima ndi pa shuga. Propranolol amatha kugwetsa shuga wa khanda, komanso amabisa zizindikiro zake monga kuthamanga kwa mtima. Lamulo lake ndi lomveka: apatsidwe akuyamwa kapena atangoyamwa, akamasanza kapena kukana bere mankhwala aime, chifuwa chikamalira aime, ndipo amayamba ndi mlingo wochepa akuyang'ana kugunda kwa mtima. Kunja kuli wamadzi wopangira makanda, Hemangeol, yemwe anavomerezedwa ku America mu 2014. Ife timadziwa piritsi la mamiligiramu 40 la akuluakulu. Werengani nokha: khanda la makilo 5, mamiligiramu 2 pa kilo patsiku, ndi mamiligiramu 10, kugawa kawiri ndi 5. Piritsi limodzi ligawidwe pasanu ndi patatu, ndipo mlingo uzikwera mwana akamalemera, kwa miyezi 6 kapena kuposa.

Ndiye ndikuganiza za mayi wothyola tiyi amene amalawira m'mawa mwana n'kutsala ndi agogo, kapena khanda loti layamba kutsegula m'mimba usiku, mvula ikugwa, chipatala chili kutali. Pa mayeso ndiyankha bwinobwino kuti propranolol ndiye woyamba. Koma nditakhala ndekha pa health centre, mwana wa chotupa cha pachikope ali patsogolo panga ndipo mayi akuti ya basi yopitira ku Blantyre alibe, kaya ndingalimbe mtima bwanji, kumutumizabe ndikudziwa kuti mwina sapita, kapena kuimbira dokotala kuti tiyambire pompano. Pamenepa sindinapeze poima.