Mlandu wa Gretchen unagamulidwa pachitsime

Loweruka lapitali tinamaliza kuwerenga gawo loyamba la Faust, sewero lomvetsa chisoni limene Johann Wolfgang von Goethe anatulutsa m'chaka cha 1808. Tilipo asanu ndi awiri, tonse ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera ku Harare kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito, ndipo takhala tikukumana pakhonde la aphunzitsi ena opuma pantchito ku Mabvuku. Timawerenga lomasuliridwa m'Chingerezi, koma zokambirana zimayenda m'Chichewa, chifukwa mtsutso ukafika pouma aliyense amafuna mawu amene anayamwira.

Masabata oyambirira anathera pa pangano la Faust ndi Mephistopheles, mdyerekezi wa m'seweroli. Akulu ampingo amene timawerenga nawo sanavutike kulipatsa dzina: munthu wosaina pangano ndi magazi ake kuti apeze chimene mtima wake ukufuna ndiye kuti wakhwima, ndipo kukhwima kumadya abale. Mfundo yawoyi ili ndi mphamvu, pakuti amene akufa m'seweroli si Faust ayi, koma anthu osalakwa amene wawayandikira. Komabe ndinawakumbutsa kuti Faust sakufuna chuma. Iye ndi munthu wophunzira zamalamulo, zachipatala, zaumulungu ndi nzeru za anthu, amene maphunzirowo amusiya wosakhuta, ndipo chimene akubetcherana ndi mdyerekezi n'chakuti sipadzapezeka mphindi yokoma kwambiri moti iye n'kuipempha kuti isapite.

Amene anatembenuza maganizo anga ndi amayi ena, anamwino a zaka zambiri pantchito, amene anali atakhala chete nthawi yonseyi. Ponena za Gretchen, mtsikana amene Faust akumunyengerera n'kumupatsa pathupi, iwo anati: "Abambo, mwatha masabata atatu pa dontho limodzi la magazi a mwamuna, koma mtsikanayu simunamufunse kuti wadzuka bwanji." Atatero anatitsegulitsa kachigawo kakafupi kamene kamachitikira pachitsime. Gretchen wapita kukatunga madzi, ndipo mnzake Lieschen akumunong'oneza mosangalala kuti mtsikana mnzawo Bärbelchen ali ndi pathupi, mwamuna wathawa, ndipo ngakhale atapeza ukwati, anyamata adzamuthothola nkhata ya maluwa kumutu pamene atsikana adzamwaza mankhusu pakhomo pake. Gretchen akubwerera kunyumba akukumbukira mmene iyenso ankanyozera atsikana otere, pamene tsopano wagwa m'mbuna yomweyo.

Sitinafunike kufotokozeredwa. Aliyense wa ku Mabvuku kapena ku Tafara amadziwa mzere wa zigubu pamjigo m'bandakucha, ndipo amadziwanso kuti pamenepo sipatungidwa madzi okha. Mbiri ya mtsikana imatha kuthera pamzerepo dzuwa lisanatuluke, makolo ake asanamve n'komwe. Ine ndikukhulupirira kuti kachigawo aka ndiko mtima wa sewero lonse, chifukwa pamenepa Gretchen akumva chigamulo chake chikuperekedwa pa dzina la munthu wina, ndipo akudziwa kuti mudzi sudzamuchitira chifundo popeza iye mwini sanachitirepo ena chifundo. Mephistopheles sakuonekamo n'komwe. Ntchito yonse ikugwiridwa ndi anansi abwinobwino opita kutchalitchi.

Tinakangana kwambiri pa Valentin, mlongo wake wa Gretchen, msilikali amene akulasidwa ndi Faust usiku pafupi ndi khomo la kwawo. Mnyamata wina pakati pathu anamuikira kumbuyo, nati anafera ulemu wa banja. Eni khonde anapukusa mutu, nafunsa kuti kodi kwathu mlongo wa mkazi ndi ndani. Ndi mwini mbumba, ndi malume wa mwana amene ali m'mimbayo, munthu amene mkazi amathawirako zinthu zikavuta. Koma Valentin, pamene mpweya ukumuthera ndipo anthu amuzungulira, akugwiritsa ntchito mawu ake omaliza kutchula mlongo wake hule pagulu. Chimene chikumupweteka n'chakuti kale ankadzitama ndi khalidwe la mlongo wakeyo pakati pa asilikali anzake pamowa, ndipo tsopano amuseka. Amayi a Gretchen ndi Valentin anali atamwalira kale ndi mankhwala ogonetsa amene Faust anapereka, choncho mawu a Valentin akutseka khomo lomaliza limene mtsikanayu akanagogoda. Gretchen atamiza khanda lake m'madzi, sindinathe kunena kuti tchimolo ndi lake yekha.

Goethe sanaipeke nkhaniyi kuchokera m'mutu mokha. Mu Januwale 1772, mumzinda wakwawo wa Frankfurt, mtsikana wantchito panyumba ya alendo, Susanna Margaretha Brandt, anadulidwa mutu pagulu chifukwa chopha mwana wake wobadwa kumene. Goethe anali loya wa zaka 22 mumzinda womwewo. Anamwino aja atamva izi anangoti, pa zaka zawo zonse m'chipinda cha amayi oyembekezera, atsikana amene ankawadetsa nkhawa kwambiri sanali olira mokweza, koma obwera okha popanda wowaperekeza.

Chotsala chinali mathero. Faust akulowa m'ndende ndi makiyi kuti amuthawitse, koma Gretchen, ngakhale mutu wasokonezeka, akukana kutuluka, nadzipereka ku chiweruzo cha Mulungu. Mephistopheles akulengeza kuti waweruzidwa, ndipo liwu lochokera kumwamba likuyankha kuti wapulumutsidwa. Akulu ampingo aja anakondwera nalo liwulo, nati chisomo chafika pamene anthu analephera. Ine linandisautsa, makamaka podziwa kuti m'zolemba zoyambirira za seweroli, zimene zinapezeka mu 1887 ndipo zimatchedwa Urfaust, liwu limeneli mulibe; Goethe analiwonjezera pambuyo pake. Sindikukana chisomo, koma ndinauza anzangawo kuti ndikuopa kuti liwulo limatipumitsa msanga ife owerenga, ngati kuti poti kumwamba kwamulandira, Lieschen ndi Valentin alibenso mlandu woyankha. Akuluwo anayankha modekha kuti: "Mwana wanga, liwulo silinanene kuti mudzi wapulumutsidwa, lanena za mtsikana yekha." Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndikulingalirabe mawu awowo.

Tagwirizana kuti mwezi wamawa tiyambe gawo lachiwiri, limene linatuluka mu 1832, chaka chimene Goethe anamwalira ku Weimar. Anamwino aja apempha kuti tisanalitsegule tiwerengenso mokweza kachigawo ka pachitsime, ndipo akufuna kuti mawu a Lieschen adzawerengedwe ndi mmodzi wa ife abambo.