Za mpunga wa ku Salt River uja, imvani kwa mwini wake

Poti kavidiyo kaja ka munthu akumwaza mpunga poto wonse pamaso pa anthu kafika kale mpaka kwa alamu anga ku Dedza, bola ndinene ndekha. Eee ndine. Koma poto uja anali wolemera ngati injini ya minibasi, zimenezo kamera sinaonetse.

Tinali mu holo ina ku Salt River, ku Cape Town kuno, anzathu a ku Palestine anakonza zoti tidye limodzi kenako ticheze za kwawo. Pansi anayala chinsalu ana akupenta chivwende, paja nkhondo ya 1967 itatha Israel inaletsa mbendera yawo ku Gaza ndi West Bank, ndiye chivwende chili ndi mitundu yomweyo, kufiira, kubiriwira, kuyera ndi kuda kwa nthangala.

Chakudya chake maqluba, dzinalo kumasulira kwake ndi chozondoka. Nkhuku pansi, mabilinganya okazinga, kolifulawa, mpunga pamwamba, zikapsa umagadabuza poto kuti zitsale zitaima ngati keke. Mayi ophika aja afunsa wamphamvu ndani. Ine munthu woti ndinavundulapo nsima ya pamaliro, mkono m'mwamba.

Palibe anandiuza kuti thireyi umayamba wavundikira pa poto n'kutembenuza zonse pamodzi. Ine thireyi ndinaisiya patebulo kuti mpunga ukaipeza komweko.

Abale inu mpunga uja unauluka. Ndinauona ndi maso angawa ukukwera pang'onopang'ono ngati ngumbi pachulu, ntchafu ya nkhuku ikuzungulira payokha ngati ili ndi ulendo wakewake, bilinganya limodzi linakatera pachipewa cha bambo ena achikulire a ku Bo-Kaap, dera lina la mu Cape Town momwemuno, iwo phee osagwedezeka ngati anabwera nalo kuchokera kunyumba, ine chiimire ndi poto wopanda kanthu ndikumwetulirabe, poti nkhope inali isanamve uthenga. Zotsalazo zinakagwera pachivwende penti asanaume.

Holo yonse zii. Kenako mayi aja anaseka mpaka kukhala pansi, akuti nawonso anagwetsapo maqluba ku Nablus, mzinda wa ku West Bank, pamaso pa apongozi. Basi aliyense anayamba za agogo ake, wina akuti kwawo saika kolifulawa, wina akutsutsa, maola awiri. Ndiye macheza omwe ankawafunawo anayambitsa ndani eti?

Tinadya buledi ndi hummus basi, kaphala ka nyemba za tchana zopera kosunsira buledi. Chinsalu anachipachika ndi mpunga wake womwe. Loweruka andiitananso, akuti ndikathandize kusenza mipando.